Kompyuta Imapeza Bwanji Liwu?

Cimanga cimasungidwa m'nkhokwe. Kompyuta nayo ili ndi nkhokwe yake. M'nkhokwe imeneyi mulibe cimanga. Muli nkhani zolembedwa zambirimbiri.

Mlimi akufuna nkhani yonena za mtengo wa cimanga. Iye sangathe kuwerenga nkhani zonse. Motero amalemba liwu limodzi pa kompyuta: mtengo.

Kompyuta ili ndi mndandanda wa mawu umene inakonzeratu. Mndandandawu umasonyeza nkhani zimene muli liwu lililonse. N'cifukwa cake kompyuta imapeza liwulo msanga.

Koma nkhanizo ndi zazitali. Kompyuta siionetsa nkhani yonse. Imangodula kacigawo kakang'ono. Imacita motere:

1. Imapeza pamene pali liwu lija.
2. Imatenga mawu ocepa a kumbuyo ndi a kutsogolo kwake.
3. Imalemba liwulo ndi zilembo zakuda kwambiri kuti lioneke bwino.
4. Imaika timadontho titatu (...) pamene yadula.

Mlimi uja akuona tizigawo tiwiri:

...mbalame yamanga cisa pa mtengo wa mango...

...pa msika mtengo wa cimanga wakwera...

Liwu ndi limodzi, koma likunena zinthu ziwiri. Mtengo woyamba ndi womera m'munda. Mtengo waciwiri ndi wa ndalama. Mawu oyandikana ndi liwulo ndi amene akuthandiza mlimi kusankha. Iye akutsegula nkhani yaciwiri.

Google, imene inayamba mu 1998, imaonetsanso tizigawo totere kwa anthu ofufuza pa intaneti.

Koma kacigawo si nkhani yonse. Mayi wina akufufuza za mankhwala. Kompyuta ikumuonetsa izi:

...mankhwala awa ndi abwino...

Mayiyo akutsegula nkhani yonse. Akupeza kuti palembedwa: "Kwa akulu mankhwala awa ndi abwino, koma ana asamwe." Mawu ofunika kwambiri anali atadulidwa! Akanangowerenga kacigawo kokha, akanamwetsa mwana wake mankhwala oopsa.

Timadontho titatu timanena kuti pali mawu ena amene atsala. Wowerenga wanzeru akaona timadonthoti amatsegula nkhani ndi kuiwerenga yonse.

Mafunso

1. Kodi m'nkhokwe ya kompyuta muli ciyani?
2. Kodi liwu lakuti "mtengo" likunena zinthu zingati?
3. Kodi timadontho titatu timanena ciyani?
4. N'cifukwa ciyani mayi uja anawerenga nkhani yonse?