Thandizani Mwana Kuyamba Kope la Tsiku ndi Tsiku

Ambiri a inu mwaphunzira kulemba muli akulu kale. Mukudziwa mmene dzanja limaumira munthu akakhala masabata angapo osagwira pensulo. Ana athunso n'cimodzimodzi. Sukulu ikatsekedwa kumapeto kwa caka, ena amafika mwezi wa Febuluwale osalembako ngakhale dzina lawo. Pali njira yosavuta yowathandiza. Mwana akhale ndi kope lakelake, lolembamo zimene zamucitikira tsiku limenelo. Pa Cipwitikizi amati diário.

Mwina mukuti, "Ine ndangoyamba kumene kuwerenga, ndingamuthandize bwanji?" Musade nkhawa. Pano simukhala mphunzitsi ayi. Nchito yanu ndi kumupatsa kope, nthawi ndi ulemu.

Zofunika poyamba

Gulani kope limodzi, amene ena timati kadernu, ndi pensulo kapena kaneta. Lisakhale la kusukulu. Ngati ndalama zavuta, thothani masamba otsala m'makope akale n'kuwasoka ndi ulusi. Mwana alembe yekha dzina lake pacikuto. Mupatseninso thumba la pulasitiki loti azisungiramo, kuopa mvula ndi ciswe.

Sankhani nthawi imodzi. Madzulo dzuwa lisanalowe ndi bwino, cifukwa si nyumba zonse zili ndi magetsi. Mphindi 10 zakwana. Nthawi imeneyo musamutume kumjigo kapena kukatsekera mbuzi.

Alembe ciyani?

Pamwamba alembe tsiku ndi mwezi. Kenako mizere itatu basi. Mwacitsanzo:

Loweruka, 17 Meyi. Lero tinakumba kacewere ndi agogo. Mbuzi zinalowa m'dimba. Ndinazithamangitsa mpaka ndinagwa m'ngalande.

Mwana akati, "Palibe cacitika lero," musamukalipire. Mufunseni funso limodzi laling'ono. Waseka ndi ndani lero? Waona ciyani pa njira ya kumsika? N'ciyani cakukwiyitsa? Akayankha pakamwa, muuzeni kuti, "Eya, lemba zomwezo." Wamng'ono amene sanadziwe bwino zilembo ajambule cithunzi, pansi pake alembe liwu limodzi: nkhuku, mvula, mpira.

Alembe m'cilankhulo citi?

Cimene amaganiza naco. Makolo ena amaona ngati Cinyanja ndi ca pakamwa pokha, ndipo colemba ciyenera kukhala Cipwitikizi. Si conco. Kuyambira 1993 mpaka 1997, sukulu zina za m'cigawo ca Tete zinayesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja pamodzi ndi Cipwitikizi. Mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba kulowa m'sukulu za boma m'dziko muno. Mwana akazolowera kulemba maganizo ake m'cilankhulo ca pakhomo, dzanja silicita mantha polemba cilankhulo cina. Akasakaniza ziwirizi mu mzere umodzi, musiyeni.

Cimene ine ndinalakwitsa

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9, ndinamugulira kope lotere. Analemba masiku asanu mosangalala. Tsiku lacisanu ndi cimodzi ndinalitenga iye ali kusukulu. Uphunzitsi unandigwira. Ndinatenga kaneta yofiira n'kukonza mawu onse olakwika. Atabwera analitsegula, anayang'ana, n'kulitseka. Sananene kanthu. Koma sanalembemonso mpaka caka cinatha.

Ndinalakwa kawiri. Ndinasandutsa kope lake kukhala mayeso, ndiponso ndinawerenga osapempha. Ndinapepesa, ndipo caka cotsatira anayambanso. Ulendo uno kope ankabisa, ine osalifunafuna.

Conco musakonze zolakwika m'kope limeneli. Kukonza n'kwa kusukulu. Muno mwana akuphunzira kuti zimene zili mumtima mwake zingathe kukhala pa pepala.

Za cinsinsi

Kwathu kuno timati mwana sabisira makolo. N'zoona pa zambiri. Koma mwana akadziwa kuti kope lake liwerengedwa, amangolemba zokondweretsa akulu. Uzani onse a pakhomo, azikulu ake ndi azing'ono ake, kuti kopelo saligwira. Musamuseke pa zimene wakuwerengerani, ndipo musakazinene kwa anzanu kucigayo.

Nanga mwana akakhala ndi vuto lalikulu, mudziwa bwanji? Mudziwa pokhala naye pafupi. Muuzeni momveka kuti, "Kope ndi lako. Koma wina akakumenya, akakuopseza kapena akakugwira kosayenera, usangolemba, undiuze." Mukaona kuti wasiya kudya, sakufuna kupita kusukulu kapena akungolira, khalani naye pansi mukambirane. Pa nkhani za nkhanza kwa ana mungaimbe 116, nambala ya Linha Fala Criança. Kuimbako n'kwaulere.

Zolemba za mwana si zacabe

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize. Mawayilesi ananena za mlathowo. Koma mmene madzi analowera m'nyumba, kumene banja linagona usiku umenewo, amene anapulumutsa nkhuku, zimenezo angalembe ndi mwana wa m'nyumbamo yekha.

Ku Amsterdam kunali mtsikana wa Ciyuda dzina lake Anne Frank. Analandira kope ngati mphatso pa 12 Juni 1942, tsiku limene anakwanitsa zaka 13. Analembamo pamene banja lake linkabisala pa nthawi ya nkhondo. Iye anamwalira mu 1945, ndipo bambo ake anasindikiza zolembazo mu 1947. Lero zimawerengedwa m'zilankhulo zambiri. Zolemba za mwana wanu mwina sizidzasindikizidwa, koma iye akadzakula adzapezamo mawu a agogo ake ndi caka cimene mvula inacedwa.

Inunso lembani

Ana amatengera zimene akuona. Pamene iye akulemba, inu khalani pambali pake ndi kope lanu. Lembani mtengo umene mwagulitsira nyemba, tsiku limene mwabzala cimanga, kapena mlendo amene wabwera. Mukaiwala kalembedwe ka liwu lina, mufunseni mwanayo. Adzasangalala kukuthandizani.

Akadumpha masiku, si mlandu. Alembe tsiku latsopano n'kupitiriza. Yambani madzulo ano ndi mizere itatu, iye yake, inu yanu.