Mwini chilimila akanena kuti zavuta

Mwera ukalimba mu Juni ndi Julayi, madoko a ku Nkhotakota amangoti zii. Mabwato ali kumtunda, pa mathandala palibe usipa, alovi ali pamthunzi kusoka makoka ndi kusewera bawo. Injini ikagona, mimba za ana a alovi sizigona nayo, ndipo maso onse amayang'ana kunyumba kwa mwini chilimila.

Malume anga anali ndi chilimila chimodzi. Chaka china mwera unakana kuleka, injini n'kufanso. Madzulo ena anaitana alovi onse pakhonde, natulutsa kope lonyowa m'makona lomwe ankalembamo ngongole za mafuta. Analitsegula pamphasa kuti aliyense aone. "Anyamata, ine zandivuta," anatero. "Ufa wa mawa ndilibe pougula. Tichite bwanji?" Akazi awo anakalipa usiku womwewo, kuti bwana saulula umphawi pamaso pa antchito, mawa adzakupeputsani. Alovi awiri anachokadi n'kupita kwa mwini makoka wina. Otsalawo anagwirizana zosiya gawo lawo la masiku oyamba kuti injini ikonzedwe, ndipo siginala, yemwe amanena nthawi yoponya khoka panyanja, mkulu wosalankhulalankhula, ndiye anadziwa mmisiri wolola kulipidwa pambuyo. Malume akanakhala chete, sakanamudziwa mmisiriyo.

Kunja nkhani zotere zimalembedwa m'mabuku. Kampani ya Nintendo ya ku Japan itakumana ndi mavuto mu 2011 ndi mu 2014, mkulu wake Satoru Iwata anadula theka la malipiro ake m'malo mochotsa anthu ntchito. Ankaona kuti munthu wogona ndi mantha a kuchotsedwa sangapange chinthu chokoma. Ku America, fakitale ya nsalu ya Malden Mills ku Massachusetts itapsa mu Disembala 1995, mwini wake Aaron Feuerstein anapitiriza kulipira antchito kwa miyezi ingapo makina ali phulusa. Kampaniyo inadzagwabe ndi ngongole mu 2001, choncho ndisaname kuti chifundo chimabala phindu nthawi zonse. Koma dziko lonse linachita kukamba za iye, chifukwa kumeneko chomangirira bwana ndi wantchito ndi pepala la mgwirizano. Zamaliro ndi zamatenda, wantchito amaziona yekha ndi inshuwalansi yake.

Kwathu kuno zimenezo si nkhani. Mlovi akadwala, mwini chilimila ndiye amafuna njinga yamoto yopita naye ku St Anne's kapena kuchipatala cha boma. Akaferedwa, bokosi ndi thumba la chimanga zimachoka kwa bwana, ndipo bwanayo amagona nawo kusiwa. Amene sachita zimenezi dzina lake limaipa kuchokera ku Chia mpaka ku Dwangwa, sapezanso anyamata. Pa kusamala anthu, a kunja ndiwo angaphunzire kwa ife.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chisamaliro chathuchi nthawi zambiri chimabwera ndi chingwe. Ndalama ya bokosi ija imalowa m'kope, kope limene mlovi saliona. M'madoko ambiri amayamba achotsa za mafuta ndi za nyali, zotsala n'kugawa pakati pa mwini ndi alovi, koma wowerengera ndi mmodzi yemweyo. Mlovi amathokoza, amawerama, ndipo sangachoke ngakhale atafuna, chifukwa sadziwa kuti ngongole yake yafika pati. Bwana amapereka, koma sadzitsegula. Amakhala tate wa ana osakula.

Mwina tinatengera patali. Liwu lakuti bwana linabwera ndi Chiswahili, ndipo Nkhotakota inalimva msanga, Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika pano m'zaka za m'ma 1840 n'kumawolotsa akapolo ndi minyanga pa zombo zake. Atsamunda anawonjezera kapitawo ndi chikoti. Tinazolowera kuti wolamula sakayika, sapepesa, safunsa. Mkulu wa kampani ku Japan akalakwitsa amaima pamaso pa atolankhani n'kuwerama mpaka mutu kutsika. Ena amangochitira mwambo, n'zoona, komabe ine ndimalakalaka kumva mwini golosale wa pa boma kapena mwini chigayo akuuza antchito ake kuti ndinalakwitsa ndine.

Chodabwitsa n'chakuti panyanja penipeni timazidziwa kale. Usiku wa mdima, siginala amakhala yekha m'kabwato kake ndi nyali, maso ali m'madzi. Iye ndiye amanena nthawi yoponya khoka, ndipo mwini chilimila akakhala kuti wapita nawo, amakoka chingwe ngati wina aliyense. Siginala akaona kuti usipa sunabwere amanena poyera kuti pano ndaphonya, tisunthe, ndipo palibe amene amamunyoza. Malume anangotenga zimene ankazimva pamadzi n'kukwera nazo kumtunda. Kope lija kuyambira chaka chimenecho linkakhala pawindo, ndipo mlovi aliyense wodziwa kuwerenga ankalitsegula asanalandire gawo lake.