Chiboliboli cha Buddha cha ku Nara ndi tanthauzo lake

Chiboliboli chamkuwa cha Buddha chomwe chili m'kachisi wa Todai-ji mumzinda wa Nara ku Japan ndi chimodzi mwa ziboliboli zikuluzikulu zamtunduwu padziko lonse, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 15.

Mfumu yaikulu Shomu inalamula m'chaka cha 743 kuti chibolibolichi chisulidwe. Izi zinachitika mliri wa nthomba utapulula anthu miyandamiyanda m'dzikolo pakati pa zaka za 735 ndi 737. Mfumuyo inkakhulupirira kuti chipembedzo cha Chibuda chibwezeretsa bata ndi umodzi, choncho inapempha aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, kuperekapo kangachepe.

Amisiri anathira mkuwa wosungunula m'zikombole m'magawo asanu ndi atatu kuyambira pansi kukwera m'mwamba, kuchokera mu 747 mpaka 749. Ntchitoyi inadya chuma chambiri cha boma. Pamwambo wa m'chaka cha 752, wansembe wochokera ku India, Bodhisena, anajambula maso a chibolibolicho, zomwe kwa okhulupirira zimatanthauza kuchipatsa moyo.

Chibolibolichi chimaimira Vairocana, Buddha yemwe kuwala kwake amati kumafika ponseponse, ndipo mbali iliyonse ya thupi lake ili ndi uthenga. Dzanja lamanja, lomwe ndi lokwezedwa chikhatho chikuyang'ana anthu, limawauza kuti asachite mantha. Lamanzere, lomwe ndi lotambasulidwa pabondo, limasonyeza kupereka zimene anthu apempha.

Chotumphuka cha pamutu chimaimira nzeru zakuya, pomwe makutu aatali amakumbutsa kuti Buddha anali mwana wa mfumu wovala ndolo zolemera asanasiye chuma chonse. Mpando wake ndi duwa la lotus, lofanana ndi kakombo, lomwe limamera m'matope koma nkuphuka loyera, chizindikiro cha mtima wosadetsedwa ndi zamdziko.

Chibolibolichi chakumana ndi mazangazime ambiri. Mutu wake unagwa m'chaka cha 855, ndipo moto wa pankhondo unachiwononga mu 1180 komanso mu 1567. Mutu umene ulipo lero unasulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, koma mbali zina za duwa lapansi ndi za nthawi ya Shomu.

Bungwe la UNESCO linaika kachisiyu pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1998. Pa 7 Ogasiti chaka chilichonse, ansembe ndi okhulupirira ovala zoyera amasonkhana kudzachipukuta fumbi.