Chipatso Chomwe Chimafewetsa Nyama ya Bulgogi

M'malesitilanti ambiri a ku Seoul mbaula imakhala pakati penipeni pa tebulo, ndipo odya amadziwotchera okha timagawo topyapyala ta nyama ya ng'ombe. Chakudyachi ndi bulgogi. Nyamayo imapsa pa mphindi zochepa chabe, koma imatuluka yofewa kwabasi chifukwa ntchito yaikulu imakhala itachitika kale m'mbale ya msuzi womwe inanyikidwamo.

Msuziwo munthu atha kuukonza pakhomo. Pa theka la kilogalamu ya nyama, ophika ambiri amathira masupuni akuluakulu atatu a sosi wa soya, imodzi kapena awiri a shuga, imodzi ya mafuta a chitowe, adyo wosinja, anyezi ndi tsabola wakuda pang'ono. Kenako amaperesamo bae, chipatso chozungulira ngati apulo, chokhutchuka pochiluma komanso chamadzi ambiri, chomwe chimalimidwa kwambiri ku Naju, kumwera kwa dziko la South Korea.

Chipatsochi sichilowamo chifukwa cha kutsekemera kokha. Muli ma enzyme amene amadula mapuloteni a mu mnofu kukhala tizidutswa tating'onoting'ono, mwakuti mano sapezanso ntchito yambiri. Mphamvu ya bae ndi yofatsa, n'chifukwa chake nyama imatha kugonera mu msuziwo osawonongeka. Zipatso zina n'zaukali. Papaya lili ndi papain, chinanazi chili ndi bromelain, ndipo kiwi ali ndi actinidin. Kumene bae sapezeka, zipatsozi zimagwira ntchito yomweyo, koma zimafuna dzanja lopepuka: supuni imodzi ya chinanazi chosinja ndi theka la ola n'zokwanira. Wochulutsa kapena wochedwetsa amakapeza nyama itasanduka phala. Chinanazi cha m'chitini chilibe phindu apa, poti kutentha kwa ku fakitale kunapha kale bromelain.

Ambiri amaganiza kuti msuzi umalowerera mpaka m'kati mwa nthuli. Zoona zake n'zakuti mchere wokha ndi umene umayenda pang'onopang'ono kulowa m'kati, pomwe ma enzyme, adyo ndi mafuta zimathera pamwamba. Anthu a ku Korea anathana nalo vutoli ndi mpeni: amadula nyama mamilimita awiri kapena atatu, mopingasa mitsempha yake. Nyama yoti yaumako pang'ono m'firiji imadulika bwino chonchi.

Pamoto, shuga ndi mapuloteni zimakumana n'kupanga mtundu wofiirira uja ndi fungo lodzutsa mudyo, zomwe wasayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, anazifotokoza mu 1912. Chiwaya chiyenera kutentha kwambiri ndipo nyama isaunjikane, apo ayi imangowira m'madzi ake. Komatu shuga sachedwa kupserera, ndipo mbali zakuda bii zija zimakhala ndi zinthu zomwe akatswiri amazikayikira pa nkhani ya khansa. Ndi bwino kuzidula n'kutaya.

Nkhani yofunika kuisamala kwambiri ndi mchere. Supuni imodzi yaikulu ya sosi wa soya imakhala ndi sodium pafupifupi mamiligalamu 900, pamene bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti asafike mamiligalamu 2,000 patsiku. Shuga amabisa mchere umenewu, lilime silizindikira kuchuluka kwake. Wodwala BP achepetse sosi n'kuwonjezera adyo, jinja ndi chipatso, ndipo atengere kadyedwe ka eni ake, omwe amakulunga kanyama kamodzikamodzi m'tsamba la letesi, kadyedwe kotchedwa ssam.

Nthawi yonse yomwe ili mu msuzi, nyama ikhale m'firiji pansi pa madigiri 5, osati patebulo la kukhitchini. Msuzi wotsala m'mbale wakhudzana ndi nyama yaiwisi, choncho uyenera kuwiritsidwa mpaka utabwata usanathiridwe pa mpunga.