Mwafika ku Joni: zoyenera kulongosola masiku 30 asanathe



Mayeso a MSCE akangotha, ena mwa ana athu amayamba kufunsa mtengo wa basi ya ku Johannesburg zotsatira zisanatuluke n'komwe. Sizachilendo. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi Theba. Ngakhale Dr. Kamuzu Banda adaimitsa maulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi, njira ya ku Joni sidamere udzu. Ife aphunzitsi timafuna mwana amalize sukulu, akhale ndi ntchito ya m'manja, asanaganize zowoloka malire, ndipo izi timazinena poyera. Komabe opita akupita. Ambiri amakonzekera bwino za m'njira, Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, koma sakonzekera za sabata zoyamba akatsika basi pa Park Station. Za masiku amenewo ndi zomwe tikufuna tikambirane, kuti opita adziwe ndiponso otsala adziwe chowafunsa pa foni.

Chinthu choyamba sichifuna ndalama: tsegulani pasipoti muwerenge tsiku lomwe alemba pa chidindo cha pa Beitbridge. Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza ndipo amapatsidwa masiku osapitirira 30. Tikuti osapitirira, chifukwa ofesala wa pachipata akhoza kulemba ochepa, ndiye musawerenge masiku m'mutu. Masiku amenewa ndi a mlendo wodzacheza, osati a munthu wodzagwira ntchito kapena kudzaphunzira. Kuyambira mu 2014, yemwe wapitiriza masiku ake salipiritsidwanso chindapusa potuluka monga kale, koma amaletsedwa kulowanso. Akapitiriza ndi masiku osafika 30 amaletsedwa chaka chimodzi, akapitiriza ndi oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Akagwidwa ali m'kati mwa dziko amatsekeredwa, ambiri ku Lindela m'dera la Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo. Wofuna kuonjezera masiku ocheza amapempha kudzera ku maofesi a VFS masikuwo asanathe.

Pano tiime pang'ono, popeza ndi pomwe ana athu ambiri amanamizidwa. Lamulo la kumeneko silola kuti munthu wolowa ngati mlendo asinthe mapepala ali konko n'kukhala wantchito kapena wasukulu, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Viza ya sukulu kapena ya ntchito imapemphedwa munthu asananyamuke, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Ya sukulu imafuna, mwa zina, kalata yakuti sukulu yakulandirani, umboni wa ndalama, inshuwalansi ya kuchipatala yovomerezeka kumeneko, ndi kalata ya ku polisi kwa yemwe wakwanitsa zaka 18. Ya ntchito ndiyovuta kwa munthu wopanda luso losowa. Anthu a ku Zimbabwe ndi ku Lesotho adapatsidwapo mapemiti apadera, koma Amalawi alibe pemiti yotero. Choncho munthu akakuuzani kuti ali ndi mnzake ku Home Affairs yemwe angakukonzereni pemiti pa marandi angapo, dziwani kuti akukugulitsani pepala labodza. N'chimodzimodzi zotumiza pasipoti pa basi kuti akaidinde pachipata mwini wake ali phee ku Joni. Wopezeka ndi pemiti yabodza amaikidwa m'gulu la anthu oletsedwa kulowa m'dzikomo, chilango choposa cha wongopitiriza masiku, komanso ndi mlandu wa ku khothi. Pepala la asylum nalo ndi la anthu othawa nkhondo ndi chizunzo, ndipo yemwe ali nalo sangabwere kumudzi kudzaona mayi ake akadwala n'kubwereranso nalo ngati palibe chachitika. Kwa Msilamu palinso funso lina lomwe sitingalizembe: pepala limenelo limafuna kuti ulumbire zabodza pa moyo wako.

Ukadziwa tsiku lako, sunga mapepala. Pasipoti, chitupa cha unzika, satifiketi ya ku MANEB, kalata ya nikaah ndi makhadi a ku sikelo a ana, zonsezi zijambuleni pa foni, zithunzizo muzitumize kwa m'bale wodalirika kumudzi. Pangani mafotokope mupite nawo ku polisi pamodzi ndi mapepala enieniwo kuti akawadinde. Ku polisi ya kumeneko ntchito imeneyi ndi yaulere. Pasipoti isakhale m'manja mwa abwana, landilodi kapena transipota ngati chikole. Ikatayika, kanenetseni ku polisi, kenako pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku ofesi yake ya ku Johannesburg, komwe amapereka kalata yobwererera kumudzi. Wofuna kuti satifiketi yake ya kuno izindikiridwe pa ntchito kapena ku koleji amaipereka ku bungwe la SAQA kuti aiunike, ndipo zimenezi zimatenga nthawi, ndiye yambani msanga.

Chomwe chimadabwitsa obwera kumene n'chakuti pafupifupi khomo lililonse limafunsa umboni wa komwe ukukhala. Kuno timati "ndimakhala kuseri kwa chigayo" ndipo aliyense amamva. Kumeneko amafuna pepala lokhala ndi nambala ya nyumba ndi dzina la msewu. Popanda pepalali simu khadi silembetsedwa m'dzina lanu motsatira lamulo la RICA, ndipo banki sikutsegulirani akaunti motsatira lamulo la FICA. Ngati mukukhala kwa amalume kapena m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya munthu, pemphani mwini nyumbayo alembe kalata yolumbira ku polisi yakuti mumakhala pamenepo. Simu khadi zogula pamsewu zolembetsedwa kale zimagwira ntchito, inde, koma foni ikabedwa nambala imapita nayo, pamodzi ndi mauthenga a ndalama ndi njira yokhayo yomwe a kumudzi amakupezerani.

Za nyumba sitifuna kudutsa mothamanga. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba yosanja ya Usindiso ku Marshalltown, pakatikati pa Johannesburg, idapsa usiku ndipo anthu oposa 70 adamwalira, ena mwa iwo Amalawi. Inali imodzi mwa nyumba zomwe zidalandidwa ndi anthu omwe amatolera lendi koma si eni ake. M'kati anali atagawa tizipinda ndi matabwa ndi makatoni, magetsi olumikiza mwachinyengo, zipata zokhoma. Lendi ya m'nyumba zotere imaoneka yotsika, n'chifukwa chake obwera kumene amathera m'menemo. Musanapereke dipoziti yendani m'nyumbamo masana, muone ngati pali khomo lachiwiri lotulukira, ndipo mufunse kuti usiku geti amakhoma ndani, kiyi amasunga kuti. Lamulo la kumeneko la za lendi limati wobwereka nyumba akapempha, mgwirizano ulembedwe, ndipo pa ndalama iliyonse yomwe wapereka alandire lisiti. Landilodi alibe mphamvu yotaya katundu wanu panja popanda chigamulo cha khothi, ndipo m'chigawo chilichonse muli Rental Housing Tribunal yomwe imamva madandaulo mosalipiritsa. Tionjezerepo kanthu kena kakang'ono koma kakupha: Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madzi kuundana. Mwana wokulira m'mbali mwa nyanja amafuna kugona ndi mbaula m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala ulibe fungo lochenjeza munthu, amangogona osadzukanso. Gulani bulangete lachiwiri.

Pa ntchito, zoona zake n'zakuti ambiri mwa anthu athu amayamba m'mashopu, m'magalaja, m'minda ya maluwa ndi m'nyumba za anthu, kawirikawiri popanda cholembedwa chilichonse. Gulani kope. Tsiku lililonse lembani nthawi yolowa, nthawi yoweruka ndi ndalama yomwe mwalandira, ndipo sungani mauthenga onse a abwana pa foni. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali R28.79 pa ola kuyambira Malichi 2025, amakwezedwa chaka ndi chaka, ndipo amakhudzanso ogwira ntchito za m'nyumba ndi za m'mafamu. Mu 2008 khothi la za ntchito lidagamula kuti ngakhale mlendo yemwe pemiti yake si yolongosoka amatengedwabe ngati wantchito, ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okha oti akatero. Izi sizipangitsa kuti kukhala popanda pemiti kukhale kololedwa, ndipo wolemba ntchito munthu wotero nayenso akuphwanya lamulo. Tikungonena kuti thukuta la munthu lili ndi mtengo ngakhale pamaso pa khothi la eni dziko. Izi tikuuzanso abale athu Asilamu omwe amalemba ntchito anzawo: kupempherera mzere umodzi Lachisanu sikuchotsa udindo wolipira pa nthawi yake.

Ndalama zopita kumudzi tumizani kudzera ku makampani ovomerezeka monga Mukuru kapena Hello Paisa, komwe mumalembetsa ndi pasipoti ndipo pamatsala umboni. Musanatumize yerekezani zinthu ziwiri, ndalama yomwe akudula ndi mtengo womwe akusinthira randi, popeza wodula pang'ono nthawi zina amabwezera pa mtengo wosinthira. Kupatsira munthu wa pa basi kumadalira chikhulupiriro chokha, ndipo zikasowa palibe pogwira. Ngongole ya ulendo, kaya ndi ya transipota kaya ya achimwene omwe adakulipirirani basi, ilembedwe pamaso pa mboni: ndi zingati, zibwezedwa liti. Ophunzira athu a Fomu 3 akudziwa kuti ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole. Maubale ambiri a ku Joni adatha chifukwa cha ngongole yapakamwa yomwe aliyense ankaikumbukira mosiyana.

Opita ndi banja adziwe kuti mwana wobadwira kumeneko ayenera kulembetsedwa ku Home Affairs masiku 30 asanathe, ndipo kubadwira m'dzikomo sikumupanga kukhala nzika ngati makolo onse ndi alendo. Kalata ya kuchipatala komwe adabadwira isungidwe ngati ndalama, chifukwa ndi yomwe idzathandize kuti mwanayo apeze mapepala a Malawi. Mu Disembala 2019 khothi lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu ya boma chifukwa chosowa mapepala, ndiye musamusunge pakhomo poopa kufunsidwa. Malamulo aakulu a dzikolo amatinso munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi kuchipatala. Pakhomo la kiliniki zinthu sizikhala zosalala nthawi zonse, pena pamaima magulu obweza alendo, choncho dziwani kiliniki yoposa imodzi musanadwale. Yemwe amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP kapena ma ARV, anyamule buku lake la kuchipatala ndi kalata yomusamutsa, ndipo akalembetse mankhwala asanathe. Nambala izi zisungidwe m'mutu: 10111 apolisi, 10177 ambulansi, 112 pa foni ya m'manja.

Mzikiti upezeni sabata yoyamba. Ku Mayfair, Fordsburg ndi Lenasia mizikiti ndi yambiri, ku Durban kuli mzikiti wakale wa pa Grey Street. Musadabwe mukaona Swala ya Asr ikuchedwerako kusiyana ndi kwathu: Asilamu ambiri a ku Johannesburg ndi Durban amatsatira madh-hab a Hanafi, pomwe ife ambiri, monganso ambiri a ku Cape Town, timatsatira a Shafi'i. Swalini pambuyo pa imamu wawo mtima uli m'malo. Pa zakudya za m'shopu yang'anani chizindikiro cha SANHA, NIHT kapena MJC. Dzidziwitseni kwa imamu ndi kwa akuluakulu a Amalawi a m'deralo, muwapatse dzina lanu lenileni la pa pasipoti, mudzi, mfumu, ndi nambala ya munthu wa kumudzi. Ambiri kumeneko amadziwika ndi maina a pantchito okha, ndipo tsoka likagwa anzawo amasowa poyambira. Pa zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008 ndi 2015, pomwe boma lathu lidachita kutumiza mabasi, makolo ambiri kuno ankangoyang'ana foni osadziwa n'komwe tauni yomwe mwana wawo ali.

Yatsala nkhani yomwe achinyamata sakonda kumva. Munthu akamwalira kumeneko banja limagawanika: ena amafuna thupi libwere kumudzi, ena amakumbutsa kuti Msilamu amaikidwa msanga. Kubweretsa thupi kumafuna kalata ya imfa, kukonza thupilo ndi mankhwala, chilolezo cha unduna wa za umoyo wa kumeneko ndi makalata a ku ofesi ya kazembe, kuonjezera ndalama ya galimoto yodutsa malire atatu. Zonsezi zimatenga masiku. Kumeneko kuli mabungwe a Asilamu oyendetsa janaza, osambitsa ndi kuveka sanda, komanso manda a Asilamu monga chigawo cha ku Westpark ku Johannesburg. Ife timaona kuti kuika konko n'kwapafupi ndi chiphunzitso chathu ndipo sikusiya ana amasiye ndi ngongole, koma tikudziwa kulemera kwa mtima wa mayi yemwe sadzaona manda a mwana wake. N'chifukwa chake nkhaniyi ikambidwe munthu ali moyo, makolo ndi amalume alipo, shehe akhale mboni, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Akafika, alowe m'gulu la chisoni la Amalawi a m'dera lake, afunse kuti chopereka cha pamwezi ndi zingati, amasunga ndani, ndiponso ngati gululo limathandiza pa zonse ziwiri, kuika konko ndi kutumiza thupi kumudzi.