Kodi Mumadziwa? Mwini Thupi ndi Chipatala

Kodi mumadziwa kuti odwala awiri, ogona pa mabedi oyandikana, olandira mankhwala m'dzanja la namwino mmodzi yemweyo, angathe kutuluka m'chipatala wina akuyamika, wina akung'ung'udza? Ofufuza apeza kawirikawiri kuti munthu amene amadziona yekha kuti thupi lake nlofooka sakhutira msanga ndi chithandizo, pakuti ululu utalikitsa usiku, ndipo kuitana kosayankhidwa kumveka ngati kutayidwa. Nchifukwa chake ku United States, m'kafukufuku wa HCAHPS wofunsa odwala za chithandizo cha m'chipatala, amene zotsatira zake zinayamba kulengezedwa poyera mu 2008, amafunsanso wodwala mmene aonera umoyo wake, nalinganiza ziwerengero, kuti chipatala cholandira anthu odwalika chisaweruzidwe mopanda chilungamo.

Komatu yankho la wodwalayo si madandaulo chabe ayi. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu 1997 ofufuza Ellen Idler ndi Yael Benyamini, atasanthula akafukufuku 27, anaona kuti pafupifupi mwa onsewo, anthu amene anati umoyo wawo ngwoipa anamwalira msanga kuposa anzawo, ngakhale pamene matenda awo odziwika kale anali atawerengedwa.