18 Meyi: tsiku la nyundo, tsiku la malamulo

Pa kalendala ya dziko lino, tsiku lofiira m'mwezi wa Meyi lomwe ana onse amalidziwa ndi la pa 14, Kamuzu Day. Pa 18 palibe tchuthi, palibe gule. Kuno kwa Chambe ndi nyengo ya masika: chimanga chikulowa m'nkhokwe, chiperoni chayamba kuphimba phiri, aliyense ali kalikiliki. Koma ine ndikuti tsikuli lasenza katundu wolemera kuposa masiku ambiri omwe timapumulawa.

Mayiko akunja ali nazo zawo. Pa 18 Meyi 1912 adabadwa Walter Sisulu, mnzake wa Mandela kundende. Pa 18 Meyi 1980 phiri la St Helens ku Amereka lidaphulika n'kupha anthu 57, nkhani yomwe ife a m'tsinde mwa phiri, odziwa za Napolo, sitingaiseke. Pa 18 Meyi 1920 ku Wadowice, m'dziko la Poland, kudabadwa Karol Wojtyla, yemwe adadzakhala Papa Yohane Paulo Wachiwiri. Ameneyu adaponda dothi la Malawi mu Meyi 1989, ndipo patangotha zaka zitatu maepiskopi ake adatulutsa kalata ija yomwe idagwedeza chipani cha tambala wakuda.

Yathu ndi ya 1983. Pa 17 Meyi apolisi adagwira akuluakulu anayi ku Zomba akuchokera ku Nyumba ya Malamulo: a Dick Matenje, mlembi wamkulu wa MCP, a Aaron Gadama, nduna ya chigawo chapakati, a Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo, ndi a David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Adagona ku Mikuyu. Pa 18 adawatengera ku msewu wa Thambani m'boma la Mwanza, komwe adawaphwanya mitu ndi nyundo, n'kuika mitembo m'galimoto ya mtundu wa Peugeot kuti zioneke ngati ngozi. Boma lidati anthuwa amathawa m'dziko ndipo adagubuduzika. Tidamva, tidagwedeza mutu, tidatseka pakamwa. Nanga ukadafunsa kwa yani, poti a payoniya ndi a yufi adali paliponse, ngakhale pachigayo?

Taonani, abale anga, awa sadali zigawenga za kutchire ayi. Adali anthu odya mbale imodzi ndi a Ngwazi. Ngati mlembi wamkulu wa chipani adatha chonchi, munthu wothyola tiyi ku esiteti akadalimba mtima bwanji?

Patapita zaka 11 ndendende, pa 18 Meyi 1994, malamulo atsopano oyendetsera dziko adayamba kugwira ntchito. Ambiri sitidazisamale, makutu adali pa wailesi kudikira zotsatira za chisankho cha dzulo lake, chomwe a Bakili Muluzi adapambana. Koma m'malamulomo muli mawu omwe akadathandiza anayi aja. Gawo 16 likuteteza moyo wa munthu aliyense. Gawo 42 likuti womangidwa auzidwe chifukwa chake, aloledwe kuonana ndi loya, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. A Matenje ndi anzawo sadafike n'komwe pa maola 48 ali moyo.

Boma latsopano lidakhazikitsa komiti yofufuza motsogozedwa ndi jaji Harry Mtegha, ndipo lipoti lake lidatuluka mu Januwale 1995 n'kunena poyera kuti anthuwa adachita kuphedwa ndi apolisi. Dr Banda ndi a John Tembo adazengedwa mlandu wokonza chiwembucho, koma mu Disembala 1995 khoti lidawamasula, ndipo apilo ya boma idalephera mu 1997. Mu Januwale 1996 Dr Banda adapepesa mtundu wa Amalawi pa zowawa zomwe anthu adakumana nazo m'dzina lake. Yemwe adalamula kuti nyundo zija zigwire ntchito, khoti silidamupeze mpaka lero.